Zoyenera kuchita mukalandira chilango chimene mukuona kuti n'chopanda chilungamo

Munthu amene wapatsidwa chilango chosamuyenera amafikiridwa msanga ndi maganizo awiri, kuthawa kapena kubwezera, ndipo onse awiriwa amaoneka anzeru pamene mtima ukuwawa. Msodzi wa ku Senga Bay amene amulanda ukonde, mayi wa ku Lifuwu amene bwalo la m'mudzi lamulamula kupereka mbuzi pa mlandu umene sanapalamule, mlonda wa ku Nkhotakota amene wachotsedwa ntchito asanamumve mbali yake, onsewa amadzifunsa chifukwa chimene ayenera kumverera chigamulo cholakwika. Yankho limene ndikupereka pano ndi lakuti kumvera chilango si kuchivomereza. Munthu akhoza kulipira chindapusa lero, mawa n'kukachitsutsa kwa amene ali pamwamba pa amene anamulipiritsa, ndipo kawirikawiri iyi ndiyo njira imene imamusiya ndi mphamvu zambiri. Komabe pali zilango zina zimene siziyenera kumveredwa n'komwe, choncho ntchito yoyamba ndi kudziwa kuti chimene chakugwerani ndi cha mtundu uti.

Zindikirani pamene palakwika

Mtima ukatsika pang'ono, dzifunseni moona mtima ngati chilangocho n'chopanda chilungamo kapena n'chongowawa basi. Msodzi amene wagwidwa akukoka ukonde wa udzudzu pa miyezi imene nyanja yatsekedwa kuti chambo chiswane akhoza kulira kuti ana ake agona ndi njala, ndipo kulira kwakeko n'koona, koma lamulo loteteza nsomba la mu 1997 silinamulakwire. Chimene angapemphe ndi chifundo pa kukula kwa chilango.

Mukatsimikiza kuti chilungamo chasowadi, onani pamene chasowera. Nthawi zambiri lamulo limakhala labwino, koma woweruza walakwitsa, mboni yanama, kapena chilango chakula kuposa mlandu. Pamenepa mankhwala ake ndi apilo. Nthawi zina wolangayo alibe mphamvu yopereka chilango choterocho, monga komiti ya pagombe imene ikufuna kukwapula munthu, kapena wapolisi amene akufuna ndalama popanda lisiti. Ndipo nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, lamulo lenilenilo ndilo loipa. Mitundu itatuyi imafuna mayendedwe osiyana, ndipo anthu ambiri amataya milandu yawo chifukwa chakuti amakadandaula kolakwika, kapena amalimbana ndi lamulo lonse pamene wolakwa ndi munthu mmodzi amene analigwiritsa ntchito molakwika.

Tsiku limene chilango chaperekedwa

Tiyerekeze kuti ogwira ntchito za usodzi afika pagombe m'mamawa, boti langokocheza, alovi (ogwira ntchito m'botimo) akutsitsa usipa, ndipo akunena kuti maso a ukonde wanu ndi aang'ono kuposa mmene lamulo limalolera, pamene inu mukudziwa kuti ukondewo uli bwino. Musagwire ukondewo kuti mukokane nawo, ndipo letsani alovi kutola miyala kapena nkhafi, pakuti kulimbana ndi wogwira ntchito za boma ndi mlandu wina pawokha, umene udzakhalabe ngakhale zitadzapezeka kuti ukondewo unalibe vuto. M'malo mwake, pemphani mwaulemu kuti auyeze pamaso panu ndi pamaso pa wa komiti ya pagombepo, funsani dzina la amene akutsogolera gululo, ndipo pemphani pepala losonyeza zimene atenga, ndi kumene akupita nazo. Ngati muli ndi foni, jambulani ukondewo asanaupinde. Madzulo a tsiku lomwelo lembani m'kope tsiku, nthawi, mayina a anthu amene anaona, ndi mawu amene ananenedwa, chifukwa pakatha miyezi itatu aliyense adzakumbukira zake.

Pempho lakuti akulembereni zifukwa si mwano. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, limapatsa munthu aliyense ufulu wakuti ofesi ya boma imuchitire zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kuti imulembere zifukwa pamene chiganizo chake chikukhudza ufulu wa munthuyo. Ofesi imene yalanga bwino sivutika kulemba chifukwa chake, ndipo imene ikuzemba kulemba yakupatsani kale mfundo yoyamba ya dandaulo lanu.

Ngati chilangocho ndi chindapusa, lipirani ku ofesi yoyenera ndipo tengani lisiti la boma. Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa wina amawanong'oneza kuti nkhaniyi ikhoza kuthera pompano ndi kangachepe. Ndalama yoperekedwa m'manja popanda lisiti sitchedwa chindapusa, ndi chiphuphu, ndipo lamulo lothana ndi ziphuphu la mu 1995 limaona wopereka ndi wolandira kuti onse apalamula. Choipa china n'chakuti mukapereka motero mwadzitsekera nokha khomo, pakuti simungakadandaule za chilango chimene palibe pepala losonyeza kuti chinaperekedwa.

Mukamangidwa, lamulo likuti akuuzeni chifukwa chake m'chinenero chimene mumamva, muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo akufikitseni kukhoti pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene khoti silikhala. Belo ya kupolisi salipira. Musasayine kapena kudinda chala pa chikalata chimene sanakuwerengereni.

Apilo ndi nthawi yake

Chenjezo loyamba pa za kukhoti likhudza mphindi imene woweruza akufunsa ngati mukuuvomera mlandu kapena mukuukana. Anthu ambiri osapalamula amavomera chifukwa chotopa ndi chitokosi, kapena chifukwa wina wawalonjeza kuti akavomera atuluka msanga. Dziwani kuti munthu wovomera mlandu, mwalamulo, amatsala ndi mwayi wochita apilo pa kukula kwa chilango kapena ngati chilangocho n'chololedwa, osati pa funso lakuti analakwa kapena ayi. Ngati simunachite, kanani, ngakhale kukanako kukutalikitseni nkhani.

Khoti la majisitireti ku Salima kapena ku Nkhotakota likagamula, chigamulocho chimagwira ntchito nthawi yomweyo, ndipo muyenera kuchimvera, koma gawo 42 la malamulo aakulu limakupatsani ufulu wokachitsutsa ku khoti lapamwamba. Apilo zochokera m'maboma awiriwa zimapita ku Khoti Lalikulu ku Lilongwe, ndipo pamwamba pake pali khoti la Supreme. Akuluakulu amati mlandu suola, koma apilo ili ndi nthawi yake: pa milandu ya upandu, kalata yodziwitsa kuti mukufuna kuchita apilo iyenera kuperekedwa pasanathe masiku 10 kuchokera tsiku la chigamulo. Kalatayi sifuna Chingelezi chozama. Ilembedwe dzina lanu, nambala ya mlandu, tsiku la chigamulo, ndi mawu osonyeza ngati mukutsutsa kupezeka wolakwa, kukula kwa chilango, kapena zonse ziwiri. Perekani kwa kalaliki wa khoti, ndipo musunge pepala lina lofanana nalo limene adindapo chidindo. Amene ali kale m'ndende auze oyang'anira ndendeyo kuti akufuna kuchita apilo, ndipo abale ake asangodikira kunyumba, apite kukhoti akafunse ngati kalatayo yafika. Masikuwo akadutsa, Khoti Lalikulu likhozabe kulandira apilo ngati pali chifukwa chomveka chochedwera, koma pamenepo mukupempha chisomo pa chinthu chimene chinali ufulu wanu.

Zifukwa za apilo zikhale zogwirika. Kunena kuti woweruza anandida sikuthandiza. Kunena kuti mboni yanga sinaitanidwe, kapena kuti khoti silinaganizire zoti aka n'koyamba kupalamula ndipo katundu anabwezedwa, ndiko kumene oweruza a pamwamba amamva. Amene sangathe kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma limene linakhazikitsidwira anthu otere. N'zothekanso kupempha belo podikira apilo, ngakhale makhoti salola msanga. Ndi bwino kudziwanso kuti zilango zina zazitali zoperekedwa ndi majisitireti zimayenera kuunikidwa ndi Khoti Lalikulu ngakhale munthu asanachite apilo, ndipo pounikapo woweruza akhoza kuchepetsa chilango kapena kuchifafaniza.

Za kuthawa, ndinene mwachindunji. Kwa munthu wokhala m'mbali mwa nyanja n'kosavuta kukwera bwato usiku n'kulowera kutsidya ku Mozambique, kapena kukasowera ku Joni. Koma wothawa belo amasiyira chipsinjo abale amene anamuimirira, pakuti iwo ndi amene khoti lidzawafunse ndalama imene analonjeza, ndipo wothawa m'manja mwa apolisi kapena m'ndende amawonjezera mlandu woona pamwamba pa wabodza uja. Apilo yake imafera pomwepo, ndipo kumudzi anthu amangoti akadakhala wosalakwa sakadathawa.

Kwa amfumu ndi kuntchito

Bwalo la mfumu ndi kumene nkhani zambiri za malire a minda, ziweto zodya mbewu ndi mikangano ya m'banja zimathera, ndipo n'loyenera ulemu. Ngati a nyakwawa agamula mokondera, musatukwane pabwalo. Thokozani monga mwa mwambo, nenani poyera kuti simunakhutire ndipo mukupempha kuti nkhaniyo ipite kwa a gulupu, kenako kwa mfumu yaikulu, ndipo zikakanika kumeneko, kwa bwanamkubwa kapena kukhoti. Tengani ankhoswe kapena amalume kuti nkhani isaoneke ngati yanu nokha. Koma mfumu ilibe ndende, ndipo ilibe mphamvu yokwapula munthu. Gawo 19 la malamulo aakulu limaletsa chilango chankhanza kapena chonyazitsa, gawo 39 limateteza ufulu wa munthu wokhala kumene akufuna m'dziko muno, ndipo lamulo la za ufiti la mu 1911 limaona kutchula munthu kuti ndi mfiti ngati mlandu. Choncho chigamulo chakuti agogo akuti asamuke m'mudzi chifukwa akuganiziridwa ufiti si chilango chofuna apilo ayi, ndi nkhani yokanena kupolisi tsiku lomwelo.

Kuntchito, lamulo la mu 2000 likuti munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata woyankha. Wochotsedwa molakwika abweze makiyi ndi katundu wa abwana bwinobwino, asatenge kanthu podzilipira yekha, ndipo akadandaule ku ofesi ya zantchito ya paboma pasanathe miyezi itatu. Zikakanika kumeneko, nkhaniyo imapita ku khoti la milandu ya zantchito. Madandaulo okhudza maofesi a boma amene akuchedwetsa kapena kupondereza amapita kwa Ombudsman, ndipo okhudza khalidwe la apolisi amapita ku Independent Complaints Commission.

Chifukwa chomverera, ndi pamene kumvera kumathera

Wina akhoza kunena kuti zonsezi ndi nzeru zodzitetezera chabe, ndipo funso la chikumbumtima silinayankhidwe. Funsoli ndi lakale kwambiri. M'chaka cha 399 Yesu asanabadwe, khoti la mzinda wa Athens, ku Greece, linaweruza Socrates, mphunzitsi wa nzeru zakuya, kuti afe pa mlandu wosalemekeza milungu ya mzindawo ndi kusokoneza achinyamata. Bwenzi lake Crito anakonza zoti amuthawitse, koma iye anakana ndipo anamwa chiphe chimene anamupatsa. Maganizo ake anali akuti munthu asabwezere choipa pa choipa, komanso kuti amene wakhala moyo wake wonse akutetezedwa ndi malamulo a mzinda sangawataye tsiku limene amugamula mosamukomera, pakuti aliyense atamasankha zigamulo zimene angamvere, sipangakhalenso khoti.

Mfundo yachiwiriyi munthu wa ku Salima safunika kupita kutali kuti aimvetse. Chilumba cha Mbenje, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, chimatsekedwa chaka chilichonse kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo pa nthawi ya usodzi mowa ndi juga siziloledwa pachilumbapo. Dongosolo limeneli lakhalapo kwa zaka zambiri chifukwa asodzi amalandira zigamulo za komiti, ngakhale zimene ena amaziona kuti zawakulira. Aliyense wokhumudwa atayamba kupalasa usiku pa miyezi yotseka ponena kuti anamulakwira, utaka ungathe, ndipo wovutika woyamba ndi msodzi wosauka amene alibe injini yomufikitsa kutali. Khoti nalonso limadalira zomwezo: chigamulo chimene chakupwetekani lero chikuchokera ku mphamvu yomwe ija imene mawa idzabweza munda wa mlongo wanu wamasiye kwa achibale olanda chuma.

Komabe Socrates yemweyo sanali womvera chilichonse. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, pamene Athens ankalamulidwa ndi gulu la anthu 30 ankhanza, anamutuma pamodzi ndi anthu ena anayi kukagwira Leon wa ku Salamis kuti aphedwe. Anzakewo anapita, iye anabwerera kunyumba. Malire ndi amenewa, ndipo ndikuona kuti ndi olondola. Kupirira cholakwa chimene akuchitirani kwinaku mukuchitsutsa ndi chinthu chimodzi, koma kulamulidwa kuti inu mulakwire munthu wina ndi chinthu china, ndipo pamenepo palibe udindo womvera. Ngati akuuzani kuti mukapereke umboni wabodza kuti chilango chanu chichepe, kapena kuti mugwire nawo chikoti, kapena musenze katundu wa munthu amene akumuthamangitsa m'mudzi, kanani, ndipo kanani poyera.

Pali malire enanso amene mbiri yathu imatiphunzitsa. Udindo womvera umatsamira pa kukhalapo kwa khomo lenileni lodandaulira. Mu 1983 khoti la mafumu, limene silinkalola woimbidwa mlandu kukhala ndi loya, linaweruza a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera Chirwa kuti aphedwe pa mlandu woukira boma. Chilangocho chinasinthidwa mu 1984 kukhala cha moyo wonse m'ndende; a Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo a Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967 ndipo ankazunzidwa pokana kugula makadi a chipani, anathawira m'maiko oyandikana nafe mwaunyinji. Sindingaimbe mlandu aliyense amene anathawa pa nthawi imeneyo, chifukwa khoti ndi wozunza anali amodzi. Lero zinthu sizili choncho, ngakhale makhoti athu amachedwa, mafayilo amasowa, ndipo ulendo wa ku Lilongwe umadya ndalama imene msodzi kapena mlimi wa mpunga alibe. Kuchedwako ndi kupanda chilungamo kwina, kumene kumagwera kwambiri osauka, ndipo amene amalalikira za kumvera malamulo asakuiwale. Koma khomo lochedwa kutseguka likusiyanabe ndi khoma, monga zinaonekera pa 3 Febuluwale 2020 pamene khoti linafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu 2019.

Pamene lamulo lenilenilo ndilo loipa

Gawo 5 la malamulo aakulu likuti lamulo lililonse lotsutsana nawo lilibe mphamvu, koma wonena kuti latsutsana ndi khoti, osati munthu payekha. Mu 2015 apolisi ku Blantyre anamanga a Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo, pamene ankapita kumalonda awo m'bandakucha, pa mlandu uja anthu amautcha vakabu. Iwo sanathawe belo, ndipo mothandizidwa ndi maloya anatengera lamulolo ku Khoti Lalikulu, limene mu Januwale 2017 linagamula kuti ndime imene anawamangira ikutsutsana ndi malamulo aakulu. Akadangolipira kangachepe usiku womwewo, akadamasuka okha, koma ndimeyo ikadapitiriza kugwira anthu ena. Mlandu wa Kafantayeni wa mu 2007 unathetsa lamulo lakuti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha munthu aweruzidwe kuti aphedwe popanda kumva zochepetsa chilango. Kumvanso milandu ya akaidi okhudzidwa kunayamba mwamphamvu mu 2015, ndipo ambiri anatulutsidwa. Zaka zisanu ndi zitatu zimene anadikirazo zikusonyeza mtengo wa njira imeneyi.

Munthu wamba sangayendetse yekha mlandu wotere, choncho uzani loya wa Legal Aid Bureau, a Malawi Human Rights Commission, kapena mabungwe oona za ufulu wa anthu kuti vuto lanu silili pa chigamulo chokha koma pa lamulo. Sonkhanitsani ena amene lamulo lomwelo lawapweteka, ndi mapepala awo, chifukwa nkhani ya anthu makumi awiri imamveka kuposa ya mmodzi. Lemberani phungu wa dera lanu ndi Law Commission, bungwe limene ntchito yake ndi kuunika malamulo.

Ngati chikumbumtima chanu chikukukakamizani kuphwanya lamulolo mwadala, chitani zimenezo masana, mutanena chifukwa chake, osavulaza munthu kapena kuwononga katundu, ndipo mukhale wokonzeka kukaima kukhoti. Kutentha ofesi ya polisi kapena kudula mpanda wa nkhalango ya Nkhotakota sikuli m'gulu limeneli, pakuti wovutika ndi mayi amene mawa adzasowa kokanena za wakuba, ndi mlimi amene njovu zidzalowa m'munda mwake. Gawo 38 limalola kuchita zionetsero mwamtendere ndi popanda zida, ndipo lamulo la apolisi la mu 2010 likuti okonza zionetsero adziwitse bwanamkubwa mwa kalata kutatsala maola osachepera 48. Kalatayo itchule okonza, tsiku, njira imene anthu adzadutse, ndi kumene chikalata cha madandaulo chikaperekedwe.

Apilo zonse zikalephera, chotsala kwa amene ali m'ndende ndi kupempha chikhululukiro cha pulezidenti, chimene gawo 89 limalola, ndipo khalidwe la mkaidi ali m'ndendemo limaganiziridwa, monganso limaganiziridwa pochepetsa masiku ake. Apilo ikapambana, musachoke pakhoti musanapemphe chikalata cha chigamulo chatsopanocho, chifukwa ndicho mudzasonyeze pokatenga chindapusa chimene munalipira kapena ukonde umene anakulandani, ndipo funsani loya ngati nkhani yanu ikulola kusumira chipukutamisozi pa nthawi imene munasungidwa popanda chifukwa chovomerezeka.